Histoplasmosis: titenge chiyani kwa wodwala, tipemphe test yanji ku labu?

aChisale: Moni nonse a pa gulu. Funso langa likupita kwa anzathu a ku labu. Tiyerekeze wodwala wa HIV, CD4 yagwa kufika pa 30, thupi likutentha kwa milungu itatu, waonda, kapamba ndi chiwindi zatupa, magazi achepa. GeneXpert ya makhololo yofufuza TB sinapeze kanthu, TB LAM yofufuza TB mu mkodzo ayi, CrAg yofufuza fangasi wa Cryptococcus nayonso ayi. Amuyamba mankhwala a TB mongoganizira, patha milungu iwiri koma thupi likungotenthabe. Pamenepa mabuku amati ganizirani histoplasmosis, matenda oyambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Histoplasma. Chabwino, taganizira. Nanga titenge chiyani, tiike mu chiyani, tilembe chiyani pa fomu? Paja fomu yathu ya labu ilibe ngakhale kabokosi ka matendawa.

aNabanda: Yambani ndi mkodzo, aChisale. Kwa wodwala ngati ameneyo matenda amakhala atafalikira thupi lonse, ndipo fangasi ameneyu amatulutsa antigen yochokera ku khoma lake, yotchedwa galactomannan, imene imasefedwa ndi impso n'kupezeka mu mkodzo. Mwa odwala 100 a HIV amene matendawa afalikira, test ya mkodzo imagwira oposa 90. N'chifukwa chake malangizo a 2020 a WHO ndi PAHO, nthambi yake ya ku America, anaika antigen patsogolo, ndipo mu 2019 WHO inali itaiika kale pa mndandanda wa ma test ofunikira. Mkodzo wake ndi womwewo wa TB LAM: kabotolo koyera, 5 mpaka 10 mL, kopanda mankhwala aliwonse.

Musaleke pa mkodzo pokha. Tsiku lomwelo tengani magazi a m'chubu cha EDTA, mankhwala oletsa kuundana, a full blood count ndi silaidi, magazi a chemistry, ndipo ngati pali tiziphuphu pakhungu, chilonda m'kamwa kapena mwanabele wotupa, pamenepo ndiye potenga kachidutswa.

aNkhoma: Pepani akuluakulu, ine ndikadali wophunzira. Fangasi ameneyu munthu amamutenga kuti?

aMbewe: M'fumbi, achimwene. Histoplasma capsulatum amakhala m'dothi lonyowa ndi zitosi za mbalame ndi mileme: m'mapanga, m'makola akale a nkhuku, m'denga momwe mileme yakhalitsa, m'nyumba zakale zogumulidwa. M'dothimo amakhala ngati chuku, amatulutsa timbewu ta ma micron 2 mpaka 4, munthu n'kutipumira m'mapapo. Tikafika m'thupi pa madigiri 37 timasanduka yisiti n'kulowa m'ma macrophage, maselo a chitetezo amene amameza tizilombo. Gwirani mfundo iyi chifukwa ntchito yonse ya ku labu yatsamira pamenepa: kunja ndi chuku, m'thupi ndi yisiti. Yisiti ya pa silaidi siyikuopsezani. Chuku cha pa mbale ya culture, pomwe timameretsa fangasi, ndicho chimadwalitsa anthu a ku labu. Munthu sapatsira mnzake, kotero wodwala safunika chipinda chapadera.

Kumene matendawa amadziwika kwambiri ndi ku America, m'zigwa za mitsinje ya Ohio ndi Mississippi, ndi ku Latin America, koma muno mu Africa alimo ndithu. Amathanso kugona m'thupi zaka zambiri n'kudzadzuka chitetezo chikagwa, choncho pofunsa wodwala musafunse za mwezi watha wokha.

aNaphiri: aNabanda anena zoona za antigen, koma tiyeni tinene chilungamo: ma labu ambiri a m'maboma alibe kit imeneyo. Chimene labu iliyonse ili nacho ndi Giemsa, utoto wa masilaidi a malungo, ndi maikulosikopu. Ndiye ndifotokoze bwino mbali imeneyo.

Pangani thin film, magazi ofalitsidwa mopyapyala pa silaidi, osati thick film, ya dontho lochindikala. Thick film imaswa maselo, pomwe chimene tikufuna n'kuona yisiti ili m'kati mwa selo. Iumitseni, iikeni mu methanol, kenako Giemsa wosungunulidwa ndi buffer wa pH 7.2, kaya wa 10% kwa mphindi 10 kapena wa 3% kwa mphindi 45 mpaka 60. Ine ndinganene kuti pa ntchito iyi wa 3% ndiye wabwino, chifukwa sasiya zinyenyeswa zambiri za utoto. Yang'anani ndi 100x ya mafuta, ndipo pitani kumchira ndi m'mphepete mwa silaidi, chifukwa ma monocyte ndi maselo ena akuluakulu amakokeredwa kumeneko pofalitsa magazi. Amene amangoyang'ana pakati monga achitira ndi malungo amadutsa osaona kanthu.

Chimene mukufuna ndi timazira ting'onoting'ono ta ma micron 2 mpaka 4, tambirimbiri m'kati mwa monocyte kapena neutrophil. Selo lofiira la magazi ndi ma micron 7 kapena 8, ndiye muyeso muli nawo pompo: kayisiti kamodzi kamakhala pafupifupi theka la selo lofiira kapena kucheperapo. Utoto umagwira mbali imodzi ngati kachigawo ka mwezi, ndipo kuzungulira kwake kumaoneka kamzere koyera kosagwira utoto.

Kuti mwayi uchuluke pangani buffy coat. Zunguzani magazi a EDTA mu kachubu ka haematocrit, dulani kachubuko pamwamba pang'ono pa mzere woyera umene uli pakati pa maselo ofiira ndi plasma, dontheza pa silaidi, falitsani. Pamenepo mwasonkhanitsa maselo oyera pamalo amodzi.

aNkhoma: Kamzere koyerako ndiye capsule? Paja dzina likuti capsulatum.

aGondwe: Ayi, dzinalo linanamiza anthu kuyambira pachiyambi. Samuel Darling, amene anafotokoza matendawa ku Panama mu 1906, ankayesa kuti ndi kachilombo ka mtundu wa protozoa kokhala ndi capsule. Zonse ziwiri sizinali zoona. Kamzereko kamabwera chifukwa mkati mwa yisiti mumanyala pouma ndi poikidwa mu methanol, n'kusiyana ndi khoma lake. India ink, inki yoonetsera capsule, siyionetsa kanthu pa Histoplasma, musataye nayo nthawi.

aChisale: Ndiye aNaphiri, silaidi ya magazi ikakhala yoyera, tinganene kuti palibe?

aNaphiri: Ayi ndithu, musayerekeze. Silaidi ya magazi imagwira ochepa, makamaka amene adwalika kwambiri. Ikaonetsa yisiti, yankho mwalipeza mu ola limodzi ndipo mankhwala ayambike. Ikapanda kuonetsa, sinanene kanthu. Pamenepo pitani ku mafuta a m'mafupa. Aspirate ya bone marrow ndiye imene imapereka mwayi waukulu pa silaidi ndi pa culture pomwe, makamaka ngati maselo onse atatu a magazi agwa. Falitsani masilaidi pa bedi pomwepo magazi asanaundane, anayi kapena asanu, ndipo tinyenyeswa ta marrow mutiphwanye pakati pa masilaidi awiri, chifukwa ma macrophage odzaza amakhala m'menemo.

Chilonda cha pakhungu kapena m'kamwa: palani m'mphepete ndi pansi pake ndi kampeni, kapena dindani kachidutswa ka biopsy pa silaidi musanakaike mu formalin. Swab ya thonje yopukuta pamwamba imangobweretsa mafinya ndi Candida. Gram ndi KOH sizithandiza, yisiti yake njaying'ono kwambiri ndipo sigwira bwino utoto wa Gram.

aGondwe: Ndipitirize pa biopsy, chifukwa apa ndi pamene zinthu zimaonongeka kawirikawiri. Dulani kachidutswa pawiri. Kamodzi mu formalin wa 10%, wochuluka kakhumi kuposa kukula kwa kachidutswako. Kenako mu kabotolo ka sterile kokhala ndi madontho ochepa a saline, kopita ku culture. Formalin amapha fangasi, ndiye zonse zikalowa mu formalin, culture yatha basi, ndipo PCR, test yofufuza DNA ya fangasi, nayo imavutirapo.

Pa fomu lembani kuti mukuganizira fangasi. Pa utoto wamba wa biopsy wokha, H&E, yisiti imeneyi imabisala, imangooneka ngati timadontho totuwa m'ma macrophage, ndipo mwa wodwala wa CD4 yotsika ma granuloma, magulu a maselo a chitetezo ozinga kachilombo, sapangika bwino oti n'kukuchenjezani. Pamafunika utoto wina: GMS, imene imadetsa khoma la yisiti bii, kapena PAS, imene imalifiiritsa. Pa GMS mumaona yisiti zowulungika, zofanana kukula, zowunjikana m'magulu, zina zili ndi kamphukira kolumikizika ndi kakhosi kopyapyala.

Tsono zofanana nazo zilipo zingapo, ndipo kusiyanitsa kwake n'kumene kumafuna diso. Leishmania ndi wofanana kukula ndipo nayenso amakhala m'ma macrophage, koma pa Giemsa ali ndi kandodo kakang'ono pambali pa nucleus, kinetoplast, ndipo GMS samugwira. Cryptococcus amasiyanasiyana kukula, wina wamng'ono wina wamkulu pa silaidi imodzi, ndipo utoto wa mucicarmine umafiiritsa capsule yake. Kuonjezera apo CrAg imakhala itakuuzani kale. Talaromyces marneffei, wa kummwera chakummawa kwa Asia, saphukira, amagawika pakati, ndiye mumaona kakhoma kodutsa pakati pa selo. Pneumocystis saphukira ndipo amakhala kunja kwa maselo, mu thovu la m'timatumba ta mapapo. Candida glabrata ndiye wovuta, kukula kwake n'chimodzimodzi, kungoti kawirikawiri amakhala kunja kwa maselo ndipo amagwira H&E bwino. Chifukwa cha zimenezi lipoti labwino limati "yisiti zazing'ono za m'kati mwa maselo zogwirizana ndi Histoplasma", dzina lenileni lidikire culture kapena PCR.

aJere: Kuno ku Joni muonjezerepo china pa mndandanda wa aGondwe: Emergomyces africanus. Anayamba kumufotokoza ku South Africa mu 2013 mwa odwala HIV, panthawiyo akumutchula Emmonsia. Wodwala amafika chimodzimodzi, CD4 pansi, thupi kutentha, tiziphuphu thupi lonse, ndipo pa silaidi yisiti yake simungaisiyanitse ndi Histoplasma. Choipa kwambiri, amathanso kuonetsa positive pa antigen ya Histoplasma ya mu mkodzo. Abale athu ambiri amabwerera kumudzi kuchokera kuno atadwala kale, ndiye funso loti "munakhalako ku Joni?" lisamasowe.

aNabanda: Zoona aJere, ndipo mndandanda wa odutsana ndi antigen suthera pomwepo: Blastomyces, Paracoccidioides ndi Talaromyces onse amatha kuonetsa positive. Koma kwa amene ali pa bedi la wodwala zimenezi zisamuchedwetse. Onsewa poyambira pake ndi amphotericin B kenako itraconazole. Positive ya mu mkodzo mwa wodwala wotereyu ikutanthauza kuti pali fangasi wa gulu limeneli ndipo mankhwala ayambe lero. Dzina libwera pambuyo. Chabwino china n'chakuti Cryptococcus ndi TB sizidutsana ndi test imeneyi.

aTembo: Ndifotokozeko za ma kit. Test ya antigen inayamba mu 1986 ndi gulu la Joseph Wheat ku Indianapolis, ndipo kwa zaka zambiri ma sample ankayenera kutumizidwa kumeneko. Lero pali njira ziwiri zimene labu ingagule. Yoyamba ndi EIA, test yoonetsa antigen posintha mtundu wa madzi, ya pa mbale ya timaenje 96, monga ya IMMY. Imafuna ma pipette olondola, chotsukira, incubator ndi makina owerenga, ndipo imatenga maola awiri kapena atatu. Yachiwiri ndi kachingwe ka lateral flow, monga ka MiraVista, kogwira ntchito ngati CrAg, koyankha ola lisanathe.

Zimene zimaononga EIA ndi zomwe zija. Kutsuka mosakwanira kumasiya conjugate, mankhwala ochititsa kuti mtundu usinthe, m'timaenje, mbale yonse n'kuoneka positive. Ma reagent ochokera mufiriji osadikira kuti afunde amachititsa kuti ma control asafike poyenera. Thovu m'kaenje limasokoneza kuwerenga. Control ikalephera, mbale yonse njotaya, musasankhemo zotsatira zokusangalatsani. Vuto lina ndi la ndalama: run iliyonse imadya timaenje ta ma standard ndi ma control, ndiye labu imasunga ma sample kuti achuluke, wodwala akudikira sabata yathunthu. Kwa wodwala wa aChisale sabata ndi yaitali kwambiri. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaona kuti chipatala cha boma chimayenerera kachingwe, EIA ikhale ku ma labu akuluakulu.

Pa kachingwe, werengani pa nthawi imene pepala la kit lanena. Kuwerenga msanga kumaphonya mzere wofooka, kuchedwa kumabala mzere wabodza pamene kachingwe kakuuma. Mzere wofooka woonekera pa nthawi yake ndi positive. Mkodzo ngati suyezedwa tsiku lomwelo usungidwe pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ngati ulendo uli wautali uumitsidwe mu freezer. Antigen yake ndi shuga wa khoma la fangasi, sionongeka msanga.

aNkhoma: Nanga bwanji osangoyeza magazi, monga CrAg?

aTembo: Serum imayezedwanso, koma ili ndi kavuto kake. M'magazi antigen imamatirira ku ma antibody, test n'kulephera kuigwira. Ma labu amene amayeza serum amayamba aisakaniza ndi EDTA n'kuitenthetsa kuti zimasukane. Mukadumpha sitepe imeneyo mupeza negative yabodza. Ndiponso si kit iliyonse inapangidwira serum, werengani pepala lake. Pa matenda ofalikira mkodzo umakwanira nthawi zambiri. Pa matenda a m'mapapo oyamba kumene, monga gulu la anthu olowa m'phanga limodzi n'kudwala onse, kuyeza zonse ziwiri kumagwira ambiri kusiyana ndi kuyeza chimodzi. Impso zikasiya kutulutsa mkodzo, serum ndiye yotsala. Antigen imayezedwanso m'madzi otsukira mapapo ndi m'madzi a mumsana ngati mukuganizira kuti fangasi wafika ku ubongo.

Kachenjezo kena: test ya galactomannan ya fangasi wina, Aspergillus, imatha kutuluka positive mwa wodwala histoplasmosis, ndipo beta-D-glucan, chizindikiro china cha fangasi m'magazi, nayo imakwera. Kotero musathamangire kunena kuti ndi Aspergillus mwa wodwala HIV amene ma neutrophil ake sanagwe kwenikweni.

aMbewe: Tsopano culture. Ndiyo imatsimikizira zenizeni, koma ndi kamba: kawirikawiri milungu 2 mpaka 4, ndipo sitinena kuti negative isanakwane milungu 6. Palibe amene ayenera kudikira culture kuti ayambe mankhwala.

Sample ifike ku labu msanga, m'maola ochepa, ndipo isaumitsidwe. Apa tisiyanitse: mkodzo wa antigen umapirira freezer, sample ya culture ayi, chifukwa tikufuna fangasi wamoyo. Marrow ya culture, theka la mL mpaka 1 mL, ilowe mu chubu cha heparin kapena molunjika mu botolo la culture, osati mu EDTA. Kachidutswa ka biopsy kaperedwe bwinobwino kuti ma macrophage asweke yisiti ituluke. Izi n'zosiyana ndi pamene mukuganizira mucormycosis, pomwe timangodula tizidutswa osapera.

Bzalani pa Sabouraud dextrose agar ndi pa brain heart infusion agar ya magazi, ina yokhala ndi chloramphenicol yoletsa mabakiteriya, pa madigiri 25 mpaka 30. Gwiritsani ntchito machubu otseka ndi chivindikiro chopota kapena matani mbale ndi tepi kuzungulira, chifukwa agar yosamata imauma milungu 6 isanakwane, komanso timbewu tisatuluke. Makhololo ndi ovuta chifukwa Candida ndi mabakiteriya a m'kamwa amamera m'masiku awiri n'kuphimba mbale yonse Histoplasma asanadzuke. Tumizani a m'mamawa, masiku atatu otsatizana. Ma labu ena amabzala pa yeast extract phosphate agar n'kudonthezera ammonium hydroxide dontho limodzi pambali, amene amapondereza Candida koma Histoplasma amapirira.

Magazi nawo ali ndi msampha. Botolo wamba la blood culture makina amalitulutsa pa tsiku la 5 n'kulemba kuti palibe chamera, pamene Histoplasma anali asanayambe n'komwe. Pamafunika botolo la fangasi ndi TB, monga Myco/F Lytic, losungidwa mpaka masiku 42, kapena njira ya lysis-centrifugation imene imaswa maselo oyera kaye kenako n'kubzala zotsalira pansi pa chubu. Ndiponso makhololo amene adutsa kale mu NALC ndi sodium hydroxide ku benchi ya TB musawatumize ku fangasi, mankhwala amenewo amakhala atamupha. Gawani sample isanafike kumeneko.

aChisale: Chikamera mumachidziwa bwanji?

aMbewe: Chimayamba ngati kathonje koyera, kenako chimasanduka chotuwira ngati khaki. Pa utoto wa lactophenol cotton blue mumaona ulusi wopyapyala, timbewu ting'onoting'ono tija, ndi mbewu zikuluzikulu zozungulira za ma micron 8 mpaka 15 zokhala ndi tizala kuzungulira konse, ngati chipatso cha nsatsi. Zimenezi zimachedwa kuoneka, chuku chaching'ono chimakhala ndi timbewu tating'ono tokha, n'chifukwa chake anthu amachiyesa chuku wamba cha mumpweya n'kuchitaya. Mbali inayi, Sepedonium ndi Chrysosporium, zuku za m'dothi zosadwalitsa, zimabalanso mbewu za tizala. Kutsimikiza kwake ndi kumusandutsa yisiti pa madigiri 37 pa agar ya magazi, zimene zimatenga masiku kapena milungu ndipo sizitheka nthawi zonse, kapena makina ozindikira tizilombo a MALDI-TOF, kapena kuwerenga DNA ya chigawo cha ITS.

Apa ndinene motsindika kwa anzanga a ku labu. Chuku choyera chilichonse chomera mochedwa kuchokera ku magazi, marrow, mwanabele kapena mapapo chisatsegulidwe pa benchi. Chisanunkhizidwe. Slide culture isapangidwe. Chitsegulidwe mu biosafety cabinet ya class II, m'chipinda cha BSL-3 monga cha culture ya TB. Ngati mulibe, matani tepi, ikani m'zotengera zitatu, tumizani ku labu yaikulu. Mbale ikagwa n'kusweka, aliyense atuluke, tsekani chitseko, dikirani timbewu tikhazikike kwa mphindi zosachepera 30, kenako wovala N95 aphimbe ndi mapepala onyowetsedwa ndi chlorine. Zotaya zonse zidutse mu autoclave pa madigiri 121. Ndipo inu a ku wodi, mawu awiri aja pa fomu, "tikuganizira histoplasmosis", ndi amene amateteza mapapo a munthu wa pa benchi.

aNkhoma: Palibe amene watchula ma antibody. Ndi achabe?

aTembo: Kwa wodwala wa aChisale ndi ofooka, chifukwa wa CD4 ya 30 sapanga ma antibody okwanira, ndiye negative yake siyitanthauza kanthu. Koma kwa munthu wa chitetezo chabwino ndi ofunika kwambiri. Ganizani za bambo wachikulire wosuta fodya, wotsokomola miyezi, X-ray ikuonetsa mabowo kumtunda kwa mapapo, GeneXpert negative kangapo, wamaliza mankhwala a TB osachira. Ameneyo angakhale ndi histoplasmosis ya m'mapapo yokhalitsa. Fangasi wake amakhala m'mabowomo, antigen mu mkodzo imakhala yochepa kapena kulibe, pomwe ma antibody ndi culture ya makhololo ndizo zimagwira. Kwa wodwala wotere yezaninso antibody ya Aspergillus, chifukwa nayenso amakonda mabowo omwewo.

Njira zakale ndi ziwiri. Immunodiffusion imaonetsa mizere iwiri pa agar, M ndi H. Mzere wa M umabwera koyamba, umapezeka mwa ambiri, ndipo umakhala zaka munthu atachira, ndiye pawokha sunena ngati matenda ndi a lero kapena akale. Mzere wa H umapezeka mwa ochepa, mwina mmodzi mwa asanu, koma ukaoneka umaloza matenda amene ali moyo. Complement fixation imapereka titre: 1:32 kapena kuposa ndi umboni wamphamvu, 1:8 ndi 1:16 ndi zokayikitsa ndipo zimapezekanso pa TB ndi mafangasi ena, pomwe kukwera kanayi pakati pa ma sample awiri otalikirana milungu ingapo ndiko kotsimikiza bwino. Ma antibody amatenga milungu 2 mpaka 6 kuti aoneke, ndiye kuyeza sabata yoyamba n'kungotaya reagent. Jakisoni wa pakhungu wa histoplasmin ndi wowerengera kuchuluka kwa anthu amene anakumanapo ndi fangasiyu m'dera, si wopezera matenda, ndipo amatha kudzutsa mzere wa M n'kusokoneza zotsatira.

aGondwe: Tisaiwale mtundu wa kuno kwathu ku Africa, wa duboisii, umene Vanbreuseghem anautcha dzina mu 1952, wopezeka makamaka pakati ndi kumadzulo kwa Africa, monga ku Congo ndi Nigeria. Umakonda khungu, mafupa ndi anabele, mapapo osati kwenikweni. Pa mbale chuku chake n'chimodzimodzi ndi cha mnzake, kusiyana kuli mu biopsy: yisiti zake ndi zazikulu, ma micron 8 mpaka 15, za khoma lochindikala, zodzaza m'ma giant cell, ndipo ziwiri zikalumikizana zimaoneka ngati nambala 8. Blastomyces amafanana nazo kukula, koma kamphukira kake kamalumikizika ndi khosi lotambalala, pomwe ka duboisii n'kopyapyala. Chotupa cha m'fupa chosamva mankhwala a TB chimafuna GMS.

aJere: PCR ilipo m'ma labu ena akuluakulu, ndipo pa kachidutswa kapena marrow imathandiza kusiyanitsa Histoplasma ndi Emergomyces. Kungoti labu iliyonse ili ndi njira yakeyake, ena amafufuza jini ya Hcp100, ena ITS, ndipo palibe katiriji yongolowetsa m'makina ngati ya TB. Imbani kaye kufunsa sample imene amalandira musanatumize.

aNabanda: Ndibwerere kwa aChisale pa zimene ma test wamba angakuuzeni pamene mukudikira. Maselo onse a magazi kugwa pamodzi, makamaka ma platelet. LDH kukwera kwambiri. Ferritin kufika masauzande. AST kuposa ALT, ndi ALP yokwera. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimatsimikiza, TB yofalikira imachitanso zomwezo, koma zikakhala pamodzi ndi zilonda za m'kamwa kapena tiziphuphu tokhala ndi kadzenje pakati, kukayikira kukule. Sodium ikatsika, potassium n'kukwera, BP ili pansi, ganizirani ma adrenal a pamwamba pa impso, fangasi ameneyu amawakonda.

Ndipo ngakhale TB LAM ikanakhala positive, nkhani sikanathera pomwepo. Matenda awiriwa amakhalira limodzi mwa munthu mmodzi, ndipo izi zimakhudza mankhwala: rifampicin amagwetsa itraconazole m'magazi mpaka kutsala pang'ono kutheratu, efavirenz ndi nevirapine nawonso amamutsitsa.

aChisale: Ndiye labu ikadali ndi ntchito mankhwala atayamba?

aNabanda: Ikadalipo. Wodwalika kwambiri amalandira liposomal amphotericin B, 3 mg pa kilogalamu tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ndipo nthawi yonseyo creatinine, potassium ndi haemoglobin ziyezedwe kawiri kapena katatu pa sabata, magnesium ngati ilipo. Kenako itraconazole 200 mg katatu pa tsiku kwa masiku atatu, kenako kawiri pa tsiku kwa miyezi 12. Kumene zingatheke, mlingo wa itraconazole m'magazi uyezedwe pakatha milungu iwiri, ndipo upose 1 µg pa mL. Ukapezeka wotsika, funsani kamwedwe: makapisozi amafuna chakudya ndi asidi wa m'mimba, ndiye omeprazole ndi mankhwala a chilungulira amawalepheretsa, pomwe wamadzi amamwedwa m'mimba mulibe kanthu. Fluconazole amene ali m'mashelefu athu ndi wofooka pa fangasi ameneyu, asalowe m'malo mwa itraconazole pokhapokha palibiretu china.

aTembo: Pa kutsata antigen, kachingwe sikathandiza, kamangoti ilipo kapena palibe. Pamafunika EIA yopereka nambala mu ng pa mL. Ya m'magazi imatsika msanga, ya mu mkodzo imachedwa ndipo imatha kukhala positive pang'ono kwa miyezi munthu akupeza bwino, ndiye musasinthe mankhwala chifukwa cha zimenezo. Chodetsa nkhawa ndi nambala imene inatsika kenako n'kuyamba kukwera. Poyerekeza, yezani sample yakale ndi yatsopano pa kit ya kampani imodzi, makamaka pa mbale imodzi, chifukwa nambala za makampani awiri sizifanana.

aNaphiri: aChisale, poti fomu ilibe kabokosi, lembani ndi dzanja pamwamba, ndi CD4 ndi mankhwala amene wodwala akumwa. Pa chubu cha full blood count onjezerani kuti "thin film ndi buffy coat, fufuzani yisiti m'maselo oyera", apo ayi magazi angodutsa m'makina n'kutayidwa. Ndipo magaziwo afike pasanathe maola awiri kapena atatu. Akagona mu EDTA maselo oyera amatupa n'kuchita timabowo, ndipo timabowo timeneto pa Giemsa timanamiza diso ngati yisiti.

aMbewe: Ma sample a culture atengedwe amphotericin asanalowe m'mtsempha ngati n'kotheka, koma dripu isadikire galimoto ya ma sample. Mkodzo wa antigen mutha kutenga ngakhale mawa lake, udzakhalabe positive.